Shuga Amene Amabisala mu Ufa

Wophika thobwa amayamba ndi phala wamba la mgaiwa, lolimba ndithu, lopanda kukoma kulikonse. Akaliphula amalisiya lipole pang'ono, n'kumaliyesa ndi chala. Likafika poti chala chikhoza kupirira, amawazamo ufa wa chimera n'kutakasa. Pasanapite nthawi yaitali, phala limene linkakana mthiko lija limayamba kusungunuka mpaka kukhala lamadzimadzi, ndipo mukalawa mumamva kutsekemera. Palibe wathiramo shuga wa kugolosale, palibenso wawonjezera madzi. Nanga kutsekemerako kwachokera kuti?

Shugayo anali mu ufa momwemo, koma ali womangika. Pa magawo 100 a njere youma ya chimanga, magawo pafupifupi 70 ndi sitachi, ndipo sitachi ndi tizidutswa tambirimbiri ta shuga wotchedwa gulukosi, tolumikizana ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Lilime limamva kutsekemera kwa mkanda umodzi kapena iwiri, koma mzere wa mikanda 1,000 silingaumve. Ntchito ya chimera ndi kudula mizereyo. Njere ya mawere kapena mapira ikanyikidwa m'madzi n'kufundikidwa mpaka kutuluka timizu, imapanga maenzaimu otchedwa amilezi, kuti aphwanye sitachi amene njereyo inasunga ndipo kambewuko kapeze chakudya kasanakhale ndi masamba. Ife timayanika njerezo ntchitoyo ili mkati, n'kuzigayitsa, ndipo maenzaimuwo amayambiranso ntchito akakumana ndi phala lofunda. Amilezi amagwira bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 60 ndi 70, koma m'phala lowira amawonongeka, chifukwa enzaimu ndi puloteni, ndipo puloteni ikapsa sibwereranso mwakale. Kuyesa ndi chala kuja n'kofunika pa chifukwa chimenechi. Wothira chimera mwaphuma amatsala ndi phala lake lolimba.

Mu 1833 akatswiri awiri a ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz, anapatula chinthu chosungunula sitachi kuchokera m'chimera cha barele. Imeneyi inali enzaimu yoyamba kupatulidwa payokha. Ofulula mowa ndi ophika thobwa anali akudziwa kale kagwiritsidwe ka chimera. Chimene awiriwa anawonjezera ndi kusonyeza kuti mphamvuyo ili m'chinthu chimene munthu angachichotse, kuchiumitsa ndi kuchiyeza. Kuyambira pamenepo kunayamba kuoneka pang'onopang'ono kuti ufa, shuga wa mu tiyi, uchi, phesi la chimanga ndi thonje ndi banja limodzi, banja la makabohaidireti. Zimasiyana kakomedwe, kulimba ndi zimene thupi lathu lingachite nazo, koma kusiyana konseko kumachokera pa mafunso atatu okha: mikanda yake ndi yamtundu wanji, ndi ingati, ndipo yalumikizana motani.

Mkanda umodzi

Molekyu imodzi ya gulukosi ili ndi maatomu 24: a kaboni 6, a haidirojeni 12 ndi a okosijeni 6. M'mabuku imalembedwa kuti C6H12O6. Ikakhala m'madzi imapindika n'kupanga mphete ya ngodya 6, ndipo m'mbali mwa mpheteyo mumalendewera timagulu ta okosijeni ndi haidirojeni timene timakonda madzi kwambiri. Timagulu timeneti ndi timene timachititsa kuti shuga asungunuke msanga mu tiyi, ndiponso kuti shuga wosiyidwa posavundikira azinyowa nyengo ya dzinja. Uchi suwola pa chifukwa chomwechi: shuga wake ndi wochuluka kotero kuti amakoka madzi onse, ndipo tizilombo toyambitsa kuwola timauma tisanaswane.

Amene amapanga gulukosi ndi tsamba lobiriwira. Limatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi kudzera m'timabowo take, limalandira madzi kuchokera kumizu, ndipo ndi mphamvu ya kuwala kwa dzuwa limamanga shuga, n'kutulutsa okosijeni amene timapuma. Pa molekyu imodzi ya gulukosi pamalowa mamolekyu 6 a kaboni dayokisaidi ndi 6 a madzi. Jan Ingenhousz anasonyeza mu 1779 kuti ntchitoyi simachitika popanda kuwala, ndipo Melvin Calvin analandira mphotho ya Nobel mu 1961 chifukwa chotsata njira imene kaboni amadutsa m'tsamba kufikira atakhala shuga. Apa pali mfundo imene ambiri imatidabwitsa tikaimva koyamba: kulemera kwa thumba la chimanga sikunachokere m'nthaka kapena mu feteleza. Mbali yaikulu ya ufawo inali mpweya. Feteleza amathandiza mbewu kumanga masamba ndi mizu, koma kaboni wa mu nsima anatengedwa mumlengalenga. Chimanga, mapira ndi nzimbe zili m'gulu la mbewu zimene zili ndi njira yapadera younjikira mpweyawu m'tsamba, n'chifukwa chake zimakula mwachangu kumalo otentha ndi adzuwa.

Gulukosi ali ndi abale ake awiri odziwika, fulukitosi wa m'zipatso ndi mu uchi, ndi galakitosi wa mumkaka. Onse atatu ali ndi maatomu 24 omwewo, kungoti anasanjidwa mosiyana. Kusiyana kwa gulukosi ndi galakitosi ndi kochepa zedi, kagulu kamodzi kokha kamene kanaloza mbali ina, komabe thupi limawazindikira ndipo limawasamala mosiyana. Fulukitosi ndiye wotsekemera kuposa onse. Munthu amene anamasula nkhani ya kasanjidweka ndi Emil Fischer wa ku Germany, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1902. Anachita zimenezi popanda chida chilichonse choonera molekyu, koma poyesa mankhwala ndi kulingalira basi.

Mikanda iwiri ikagwirana pamachoka molekyu imodzi ya madzi, ndipo kuti ilekanenso pamafunika kubwezerapo madziwo. Gulukosi awiri amapanga malitosi, amene ndiye shuga wochuluka mu thobwa losathira kanthu. Mbatata ili ndi amilezi akeake, ndipo ikaotchedwa pang'onopang'ono paphulusa lamoto, enzaimuyo imapeza nthawi yosandutsa sitachi kukhala malitosi isanawonongeke ndi kutentha. Ndiye chifukwa chake mbatata yootcha imatsekemera kuposa yoponyedwa m'madzi owira kale.

Gulukosi akagwirana ndi fulukitosi timapeza sukulosi, shuga wathu wa patebulo. Mbewu zimagwiritsa ntchito sukulosi potumiza chakudya kuchokera kumasamba kupita kumizu ndi kunjere, koma nzimbe ndi misale zimamuunjika m'tsinde. Nzimbe inayamba kulimidwa ku New Guinea, ndipo anthu a ku India ndi amene anatulukira luso lophika madzi ake mpaka kukhala mibulu youma. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa ntchito ndi yomweyo, kungoti ndi yaikulu: kufinya nzimbe, kuyeretsa madzi ake, kuwaphika mpaka shuga ataundana, n'kumulekanitsa ndi manyuchi akuda otchedwa molasesi. Fakitale sipanga shuga, imangomuchotsa m'tsinde. Shuga wa bulauni ndi sukulosi yemweyo, wotsalira ndi molasesi pang'ono. Mu 1747 Andreas Marggraf anapeza kuti mizu ya mbewu yotchedwa beet ili ndi sukulosi yemweyu, ndipo lero mayiko ozizira amapanga shuga wawo kuchokera ku mbewu imeneyo.

Wachitatu ndi lakitosi, gulukosi wogwirana ndi galakitosi. Mumkaka wa m'mawere muli magalamu pafupifupi 7 a lakitosi pa magalamu 100 aliwonse, mumkaka wa ng'ombe pafupifupi 5. Khanda limakhala ndi enzaimu yodula lakitosi, koma anthu ambiri padziko lapansi enzaimuyi imawachepera akamakula. Munthu wotere akamwa kapu yodzaza ya mkaka, lakitosi amadutsa osagayika mpaka kumatumbo aakulu, kumene mabakiteriya amamudya n'kutulutsa mpweya. Mimba imafufuma, nthawi zina n'kutsekula. Si matenda ayi, ndi mmene matupi a anthu ambiri alili. Mitundu ya anthu imene yakhala ikuweta ng'ombe kwa zaka masauzande, monga kumpoto kwa Ulaya ndi kum'mawa kwa Africa, ndi imene ili ndi anthu ambiri osunga enzaimuyi mpaka kukula. Chambiko sichivuta kwambiri m'mimba chifukwa mabakiteriya amakhala atasandutsa kale mbali ina ya lakitosi kukhala asidi, amene ndiye amachiwawasitsa.

Zimene zimachitika mumphika

Mbewu singasunge shuga wambiri ali womasuka, chifukwa angakoke madzi mpaka maselo kuphulika. Choncho imamutunga m'mizere italiitali imene siisungunuka, n'kuipanikiza m'timibulu tolimba. Ameneyu ndiye sitachi, ndipo ali mitundu iwiri. Amilozi ndi mzere umodzi wopanda nthambi, wopotana. Amilopekitini ndi wanthambinthambi, ndipo ndiye wochuluka, magawo 70 mpaka 80 pa 100 m'mbewu zambiri. Kusukulu ana amadontheza ayodini pa chidutswa cha chinangwa n'kuona chikuda mobiriwira; ayodiniyo amakhala atalowa m'kati mwa mzere wopotana wa amilozi. Chimanga chachiwisi chimatsekemera chifukwa shuga wake sanatungidwe yense, ndipo chikagona chitathyoledwa kukomako kumachepa popeza ntchito yotunga imapitirirabe. Nthochi imachita zosiyana: yaiwisi ndi sitachi, ikamapsa imadula mizere yake.

Thirani ufa m'madzi ozizira, mudzaona ukungokhala pansi. Timibulu ta sitachi sitilola madzi kulowa. Koma madzi akatentha kupitirira madigiri 60 mpaka 70, timibuluto timamwa madzi n'kutupa, amilozi amatuluka n'kuyamba kukolana, ndipo madzi oyera aja amasanduka phala. Wophika nsima amadikira kuti phala likhwithime asanayambe kuwonjezera ufa ndi kuvundula, chifukwa ufa umene sunalandire madzi ndi moto wokwanira umatsala wauwisi. Nsima yosapsa imamveka mkamwa, ndiponso imavuta kugayika, popeza maenzaimu athu salowa bwino m'timibulu tosatupa. Moto ndi umene umatitsegulira chakudya cha m'njere. Kondoole amanyududuka ndi kumata kuposa nsima ya chimanga chifukwa sitachi wa chinangwa ali ndi amilozi ochepa ndipo timibulu take timatupa kwambiri.

Nsima ikazizira mizere ija imayambanso kufolana ndi kugwirana, n'kufinya madzi kunja. Mkute umalimba motero. Mbali ina ya sitachi wogwirananso chonchi siigayika m'matumbo aang'ono, imapitirira mpaka kumatumbo aakulu kukakhala chakudya cha mabakiteriya abwino. Mbaliyo ndi yochepa, choncho munthu asaganize kuti mkute ulibe mphamvu.

Pali phindu lina la chimera limene ndikanakonda kuti kholo lililonse lilidziwe. Mimba ya mwana wa miyezi 8 ndi yaing'ono, ndipo phala lolimba samatha kulimeza. Mayi amalisukuluza ndi madzi, mwana n'kukhuta madziwo. Kaufa kochepa ka chimera kothiridwa m'phala lolimba lofunda kamalifewetsa popanda kuwonjezera dontho la madzi, ndipo likawiritsidwanso pang'ono mwana amamwa chakudya chochuluka m'kapu yomweyo. Akatswiri a kadyedwe akhala akulimbikitsa njira imeneyi m'mayiko angapo, kuphatikizapo Tanzania ndi India.

Phesi ndi ufa

Tsopano tifike pa chinthu chimene chimaonetsa bwino kwambiri mphamvu ya kalumikizidwe. Phesi la chimanga, udzu, nkhuni, pepala ndi nsalu ya thonje zili ndi selulosi, ndipo selulosi ndi gulukosi yekhayekha, chimodzimodzi sitachi. Ulusi wa thonje ndi selulosi magawo 90 pa 100. Mtengo, pafupifupi theka. Payen yemwe uja ndi amene anamupatula mu 1838. Palibe chinthu china chopangidwa ndi zamoyo chimene chili chochuluka padziko lapansi kuposa selulosi. Nanga bwanji munthu amafa ndi njala atazunguliridwa ndi udzu?

Mu sitachi mikanda yonse imayang'ana mbali imodzi, ndipo mzere umapindika n'kusiya mipata yolowera madzi ndi maenzaimu. Akatswiri amatcha mfundo yotere alfa. Mu selulosi mkanda uliwonse ndi wotembenuzika poyerekeza ndi mnzake, mfundo ya beta, ndipo mzere umakhala wowongoka. Mizere yowongokayo imagona moyandikana n'kugwirana mwamphamvu mpaka kukhala ulusi umene madzi sangausungunule. Enzaimu iliyonse imagwira chinthu chokhacho chimene chikugwirizana ndi maonekedwe ake. Amilezi a m'malovu athu amadziwa mfundo ya alfa, ya beta saidziwa, ndipo m'thupi la munthu mulibe enzaimu yodula selulosi. Kutembenuka kwa mfundo imodzi kumeneku ndi kumene kumalekanitsa chakudya ndi nkhuni.

Ng'ombe ndi mbuzi nazonso zilibe enzaimuyo. Chimene zili nacho ndi chifu chachikulu chodzaza ndi mabakiteriya ndi tizamoyo tina timene timatha kudula selulosi. Ng'ombe ikamabzikula imakhala ikuperanso udzu kuti tizamoyoto tiufikire bwino, ndipo yokha imakhala ndi moyo podya zimene tizamoyoto tatulutsa. Chiswe chomanga zulu zikuluzikulu chinapeza njira ina: chimalima bowa m'kati mwa chulu, bowayo n'kumafewetsa udzu ndi nkhuni zimene chatuta. Bowa amene anthu amazula pachulu mvula ikagwa amachokera m'minda imeneyo. Ngakhale chikamba cha ngumbi ndi chiwala ndi kabohaidireti wa mfundo za beta, wotchedwa chitin.

Kusagayika kwa selulosi sikutanthauza kuti alibe ntchito mwa ife. Iye ndi anzake opezeka m'gaga, m'masamba, m'nyemba ndi m'zipatso amasunga madzi m'matumbo, amathandiza kuti munthu asadzimbidwe, ndipo amachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi. Tikakonola chimanga, n'kunyika mphale, n'kugayitsa ufa woyera, timakhala tachotsa gaga ndi mtima wa njere, mmene muli mafuta, mavitamini ndi mbali ina ya puloteni. Chotsala ndi sitachi pafupifupi yekha. Zabwinozo zimapita ku nkhuku ndi nkhumba.

M'thupi

Tafunani mbamu ya nsima kapena mpunga kwa kanthawi osameza, mudzamva kukoma kukusintha. Malovu ali ndi amilezi, ndipo kugaya kumayambira pomwepo. M'chifu ntchitoyo imaima chifukwa cha asidi, n'kukapitirira m'matumbo aang'ono, mmene kapamba, kachiwalo kamene kali kuseri kwa chifu, kamathira amilezi ambiri. Pakhoma la matumbo pali maenzaimu ena amene amamaliza kudula malitosi, sukulosi ndi lakitosi. M'magazi mumalowa mikanda imodziimodzi yokha. Kaya munadya nsima, mpunga, mbatata, buledi kapena chinangwa, chimene chimafika m'magazi ndi gulukosi yemweyo. Fulukitosi ndi galakitosi amapita kuchiwindi kukasinthidwa.

M'magazi onse a munthu wamkulu, malita pafupifupi 5, mumakhala gulukosi wokwana magalamu 4 kapena 5 okha, supuni imodzi yaing'ono. Koma mbale ya nsima ikhoza kubweretsa magalamu oposa 100. Kuti magazi asasefukire ndi shuga, kapamba amatulutsa insulini, imene imachititsa kuti minofu ndi maselo a mafuta atenge gulukosi, chiwindi nacho chisunge. Chiwindi ndi minofu zimatunga gulukosiyo kukhala gilaikojeni, amene amafanana ndi amilopekitini koma ali ndi nthambi zambiri, kuti azitha kumasulidwa mwachangu mbali zambiri nthawi imodzi. Claude Bernard anamupatula m'chiwindi mu 1857. Chiwindi chimasunga magalamu pafupifupi 100, minofu pafupifupi 400. Malo amenewa akadzaza, wotsalayo amasanduka mafuta.

Usiku tikagona, kapena tsiku limene tasala kudya, chiwindi chimamasula gilaikojeni wake pang'onopang'ono, ndipo akatha chimayamba kupanga gulukosi watsopano kuchokera ku mapuloteni ndi zinthu zina. Chimadzivutitsa chonchi chifukwa ubongo wokha umafuna magalamu pafupifupi 120 patsiku, ndipo maselo ofiira a magazi sadya china chilichonse. Shuga akatsika kwambiri munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amasokonezeka mutu, kenako amakomoka. Izi zimachitika kwa ana odwala malungo aakulu, n'chifukwa chake kuchipatala amafulumira kuyeza shuga wa mwana wofika ali chikomokere. Zimachitikanso kwa munthu womwa kachasu m'mimba mulibe kanthu, pakuti mowa umalepheretsa chiwindi kupanga gulukosi watsopano. Anthu amati wangoledzera, msiyeni agone, pamene moyo wake uli pachiswe.

M'kati mwa selo gulukosi amaphwanyidwa pang'onopang'ono kuti mphamvu yake isatuluke nthawi imodzi. Gawo loyamba lili ndi masitepe 10, silifuna okosijeni, ndipo limadula molekyuyo pakati n'kupereka mamolekyu awiri a ATP, chinthu chimene selo limagwiritsa ntchito poyendetsa zonse. Okosijeni akakhalapo, zidutswazo zimalowa m'timagawo ta selo totchedwa mitochondria n'kudutsa m'njira imene Hans Krebs anafotokoza mu 1937, ndipo pomaliza gulukosi mmodzi amakhala atapereka ATP pafupifupi 30. Zotsala ndi madzi ndi kaboni dayokisaidi, zomwe zija tsamba linayamba nazo. Galamu imodzi ya kabohaidireti imapereka makalori 4, pamene ya mafuta imapereka 9. Wothamanga mwaliwiro minofu yake imadalira kwambiri gawo loyamba lija n'kutulutsa lakiteti, amene chiwindi chimamubwezanso kukhala gulukosi. Carl ndi Gerty Cori, mwamuna ndi mkazi wake, ndi amene anafotokoza kuzungulira kumeneku, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1947.

Yisiti imagwiritsa ntchito gawo loyamba lomwelo, koma imamalizira kwina: gulukosi mmodzi amasanduka mamolekyu awiri a mowa ndi awiri a kaboni dayokisaidi. Thovu la masese ndi kufufuma kwa mandasi ndi mpweya umenewu. Thobwa likagonera masiku limayamba kuwawasa ndi kusasa chifukwa mabakiteriya ndi yisiti zapeza shuga womasuka. Mu 1897 Eduard Buchner anapera yisiti n'kufinya madzi ake opanda selo lamoyo, ndipo madziwo anasandutsabe shuga kukhala mowa. Apa m'pamene panadziwikira kuti ntchito za moyo zimayendetsedwa ndi maenzaimu amene angafufuzidwe m'botolo. Ku Dwangwa, kuyambira mu 1982, molasesi amasandutsidwa ethanol wosakaniza ndi petulo pa njira yomweyi.

Shuga ali ndi ntchito zinanso zosakhudza mphamvu. Msana wa DNA uli ndi shuga wa makaboni 5. Magulu a magazi, A, B, AB ndi O, amasiyana chifukwa cha tizidutswa ta shuga tokhala kunja kwa maselo ofiira. Ndipo chinangwa chowawa chimasunga poizoni wake atamangiriridwa ku gulukosi. Muzu ukasendedwa ndi kunyikidwa, enzaimu ya chinangwacho imadula mfundoyo, poizoniyo n'kuchoka ndi madzi ndi mphepo.

Akachuluka, ndi pamene apulumutsa

Matenda a shuga amabwera insulini ikasowa, kapena thupi likasiya kuimvera. Munthu wabwinobwino amene sanadye usiku wonse shuga wake amakhala pakati pa 4 ndi 5.5 mmol/L, akafika 7 kapena kupitirira pa kuyeza kobwereza, ndiye kuti matendawa alipo. Akadutsa 10, impso zimalephera kumubweza ndipo amatulukira mumkodzo atakoka madzi ambiri, n'chifukwa chake wodwala amakodza pafupipafupi ndi kumva ludzu losatha. Asing'anga akale a ku India anazindikira matendawa poona nyerere zikuunjikana pa mkodzo. Gulukosi wochuluka amamatirira ku mapuloteni a m'thupi, ndipo pakapita zaka amawononga timitsempha ta m'maso, impso ndi mapazi. Frederick Banting ndi Charles Best anapatula insulini ku Toronto mu 1921, ndipo mu January 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa. Isanafike nthawi imeneyo mwana wopezeka ndi matendawa sankakhalitsa.

Pali malangizo amene amayenda pakati pa anthu amene amafunika kuwongola. Ena amati wodwala shuga adye mgaiwa mmene angafunire, ena amati uchi ndi shuga wa bulauni alibe vuto. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma sitachi wake ndi wochulukabe, ndipo mitanda inayi ya mgaiwa idzakweza shuga ndithu. Uchi ndi fulukitosi ndi gulukosi omasuka kale. Chimene chimathandiza ndi kuchepetsa mitanda, kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi nyemba, ndi kugwiritsa ntchito minofu, pakuti minofu yogwira ntchito imakoka gulukosi ngakhale insulini ili yochepa. Nsima payokha siinalakwe. Mlimi amene walima m'mawa wonse amaitentha yonse. Vuto limabwera pamene mbale yatsala yomweyo koma khasu lalowedwa m'malo ndi mpando wa mu ofesi, n'kuwonjezerapo zakumwa zotsekemera. Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu ya tsiku, amene kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, masupuni aang'ono 12, ndipo kutsika mpaka 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la mamililita 300 lili ndi masupuni 7 kapena 8. Shuga wa m'madzi safuna kutafuna kapena kugaya kwenikweni, amafika m'magazi nthawi yomweyo, ndipo munthu samva kukhuta.

Komabe gulukosi yemweyu wapulumutsa ana mamiliyoni. Mu 1960 Robert Crane anafotokoza kuti pakhoma la matumbo pali puloteni imene imalowetsa gulukosi pamodzi ndi sodiyamu wa mumchere, ndipo siilowetsa chimodzi popanda chinzake. Ziwirizi zikalowa, madzi amatsatira. Patapita zaka zingapo kunadziwika kuti kolera, ngakhale imachititsa matumbo kutaya madzi ochuluka, siiwononga njira imeneyi. Mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, kolera inabuka m'misasa ya othawa kwawo ku Bangaon ku India, ndipo madiripi anatha. Dokotala Dilip Mahalanabis anasakaniza gulukosi ndi mchere m'migolo ya madzi n'kuuza achibale kuti azimwetsa odwala awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 kufika pa osakwana 4.

Paketi ya ORS, imene kuno ambiri amaidziwa kuti Thanzi, ndi nzeru imeneyo. Muli magalamu 13.5 a gulukosi ndi 2.6 a mchere, kuwonjezerapo potaziyamu ndi citrate, zoyenera kusungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, amene anayamba kumwa madziwa msanga ali panjira yopita kuchipatala anali ndi mwayi waukulu wochira. Paketi ikasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa amathandiza kufikira munthu atapeza chithandizo. Muyeso wake suyenera kusinthidwa. Shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo m'malo mowalowetsa m'thupi, ndipo kutsekulako kumakula. Pa chifukwa chimenechi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo siziyenera kupatsidwa kwa mwana wotsekula m'mimba. Madzi osakanizawo akatha maola 24 atayidwe, pakonzedwe ena.